Chifanizo cha selo la chomera: tipange ndi chiyani chopezeka pakhomo?

Make Tadala
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera ndi pempho kwa aphunzitsi ndi makolo amene munadutsamo kale. Tadala ali Fomu 1, ndipo aphunzitsi a Bayoloje awapatsa pulojekiti yoti aliyense apange chifanizo cha selo la chomera, chogwirika ndi manja, osati chojambula m'kope. Chikufunika sabata ya mawa. Mwanayu akuti anzake ena aumba ndi nsima, ena makolo awo akukagula zipangizo m'tauni. Kuno ndalama ya zimenezo palibe. Tingapange ndi chiyani chopezeka pakhomo, nanga ndi ziti zimene siziyenera kusowamo?

Nachisale
Nsima ayi achemwali, musayerekeze. Imachita nkhungu tsiku lopereka lisanafike, ikauma imang'ambika, ndipo usiku nyerere ndi mphemvu zimaipeza. Pezani katoni ya nsapato, zotsalazo n'zotola.

Malume a ku Joni
Kuno ku Johannesburg ndimaona ana akupanga ndi jelly m'kontena ya ayisikilimu, mkatimo n'kuikamo maswiti amitundumitundu. Ena amachita kuphika keke. Zimaoneka bwino kwabasi.

Nachisale
Malume, jelly amafuna filiji. Ndi dzuwa la mwezi uno, mwana akamafika pageti la sukulu akhala atanyamula madzi okhaokha.

Madamu a Bio
Make Tadala, musanatole chilichonse mufunseni mwanayo funso limodzi: selo lakelo ndi la mbali iti ya chomera? Maselo a chomera safanana onse. La m'tsamba ndi lina, la kumuzu ndi lina, la m'thunthu ndi linanso. Limene mabuku amakonda kujambula ndi la m'tsamba, la gulu lija la palisade, limene limakhala pansi penipeni pa khungu la pamwamba la tsamba, pomwe dzuwa limafika kwambiri. Ndi lalitali, la mbali zowongoka, choncho katoni ya nsapato imene anena a Nachisale ikuyenera ndithu.

Ine ndikamachonga ndimafuna ndione zinthu zisanu ndi ziwiri: cell wall (khoma la selo), cell membrane (kachikopa kopyapyala ka mkati mwa khomalo), cytoplasm (zamadzimadzi za mkati mwa selo), nucleus (yolamulira ntchito za selo), vacuole (thumba la madzi), ma chloroplast (opanga chakudya) ndi mitochondria (otulutsa mphamvu). Koma kungokhalamo sikokwanira, chilichonse chikhale pamalo pake ndi pa kukula kwake. Apa ndi pamene ana ambiri amagwera. Amaika nucleus pakatikati, yaikulu, vacuole n'kuiika kangodya ili kakang'ono. Zoona zake n'zosiyana. M'selo lokhwima vacuole ndiyo imatenga malo aakulu, nthawi zina mpaka magawo 90 pa 100 a selo lonse, ndipo imakankhira cytoplasm, nucleus ndi ma chloroplast m'mbali, kufupi ndi khoma. Mwana akaika nucleus pakati ndiye kuti wajambula selo la nyama n'kungoliveka khoma.

Cholakwika china chofala ndi kupenta chilichonse ndi penti wobiriwira. Khoma la selo si lobiriwira, cytoplasm si yobiriwira. Tsamba limabiriwira chifukwa cha ma chloroplast okha, amene muli chlorophyll. Katoni muisiye mmene ilili, yofiirira choncho, kapena imateni pepala loyera.

Make Tadala
Zikomo kwambiri Madamu. Ndamuwerengera, akuti aphunzitsi sanatchule kuti la mbali iti, anangoti plant cell. Ndiye titenge la m'tsambalo?

Madamu a Bio
Eya, tengani limenelo, koma alembe pamutu kuti ndi palisade cell. Mawu awiri amenewo amaonetsa kuti mwana akudziwa chimene wapanga.

Bambo a Yamikani
Ine ndinene maganizo anga mosabisa. Zamakatoni zimaphwanyika m'minibasi, mvula ikagwa zimafewa. Pitani kwa kalipentala akukhomereni kabokosi ka mapulanga, pamwamba aike galasi. Zam'katizo aumbe munthu wodziwa kuumba. Chimakhala zaka, mng'ono wake adzagwiritsanso ntchito.

Madamu a Bio
Bambo a Yamikani, kabokosi ka mapulanga palibe vuto ngati mapulanga alipo kale pakhomo. Koma zoti aumbe munthu wina, apo ndikukana. Ntchitoyi cholinga chake si kukongoletsa ofesi ya ahedi. Mwana akamata yekha pulasitiki mkati mwa katoni, manja ake amakumbukira kuti membrane ili mkati, khoma lili kunja. Tsiku la mayeso a MANEB kalipentala sadzakhalapo.

Bambo a Yamikani
Madamu ndikumva, koma si aphunzitsi onse amene amaganiza ngati inu. Kusukulu ina kumene mwana wanga ankaphunzira, amene anapeza malikisi apamwamba anali ana amene zifanizo zawo zinkachita kuonekeratu kuti zapangidwa ndi akuluakulu. Wanga anapanga yekha ndi dongo, anabwerako ali wokhumudwa. Kholo ukaona zimenezo umatani?

Anaphiri
Pamenepo Bambo a Yamikani akunena zoona, tisawatsutse. Zimachitika. Mwana wa kumudzi amene wavutika yekha amaoneka ngati waulesi pafupi ndi mnzake amene wabwera ndi zonyezimira.

Madamu a Bio
Sindikukana kuti zimachitika, ndipo zimandipweteka. Mankhwala ake ali kwa ife aphunzitsi: kuchonga mwana ataima pafupi ndi chifanizo chake, n'kumufunsa. Ichi n'chiyani, chimagwira ntchito yanji, bwanji wachiika apa? Mafunso atatu okha amakwanira kudziwa amene wapanga yekha. Makolo muli ndi ufulu wofunsa aphunzitsi pasadakhale kuti malikisi agawidwa bwanji, angati a kulondola, angati a kufotokoza, angati a ukhondo wa ntchito. Funsani mwaulemu kudzera mwa mwana kapena pamsonkhano wa makolo. Mphunzitsi akadziwa kuti makolo afunsa, amachonga mosamala.

Wa ku Bunda
Makolo anga, ndiloleni ndiponyepo masamu pang'ono, chifukwa nkhani ya kukula imene anena Madamu ili ndi yankho lake lowerengeka. Maselo ambiri a zomera amakhala pakati pa maikulomita 10 ndi 100. Maikulomita imodzi ndi milimita imodzi mutaigawa ka 1,000. Tiyerekeze kuti selo lathu la palisade ndi lotalika maikulomita 50, ndipo katoni ya nsapato ndi yotalika masentimita 30. Ndiye kuti talikulitsa ka 6,000. Chilichonse chimene tiikemo tichikulitsenso ka 6,000 komweko.

Chloroplast imakhala pafupifupi maikulomita 5. Kuchulukitsa ka 6,000 ikukwana masentimita atatu, ndiko kukula kwa chitsekerero cha botolo la zakumwa. Nucleus ya maikulomita 8 mpaka 10 ikubwera masentimita asanu kapena asanu ndi limodzi, ngati ndimu, choncho mpira wa dongo kapena wa mapepala wa msinkhu umenewo. Mitochondria ndi ang'ono, maikulomita imodzi kapena ziwiri, ndiye akubwera pafupifupi sentimita imodzi, msinkhu wa nyemba. Khoma la selo lotereli silipitirira maikulomita imodzi kunenepa kwake, kutanthauza mamilimita osapitirira asanu ndi limodzi, ndipo katoni ili momwemo.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi membrane. Kunenepa kwake ndi pafupifupi ma nanomita 8, ndipo nanomita ndi maikulomita yogawidwanso ka 1,000. Mukachulukitsa ka 6,000 mupeza maikulomita 48. Malamulo a 2015 aja oletsa majumbo opyapyala anadula malire pa maikulomita 60. Ndiye kuti pa sikelo ya katoni yathuyi, membrane ndi yopyapyala ngati kajumbo kopyapyalitsitsa. Zinyalala zimene tikutolazi si zongoyerekeza mwachisawawa, zikugwirizana ndi kukula kwenikweni.

Anaphiri
Ee achimwene, mwatitsegula maso. Ndiye ana aja amene amaumba membrane yonenepa ngati chala amalakwitsa?

Wa ku Bunda
Amatero kuti ioneke, amayi, ndipo mabuku nawonso amaijambula ngati mzere wooneka. Si tchimo. Koma Tadala akalemba pakona ya katoni kuti chifanizochi chakulitsidwa pafupifupi ka 6,000, n'kutha kufotokoza mmene wapezera nambalayo, mphunzitsi aliyense aima kaye.

Nachisale
Musakagule jumbo yoletsedwa chifukwa cha pulojekiti. Pepala la pulasitiki la buledi kapena la shuga, lotsuka bwino n'kuumitsa, ligwira ntchito yomweyo.

Make Tadala
Katoni tapeza kwa aneba. Zitsekerero ana a pamudzi pano atola zambiri. Nanga vacuole? Tadala akuti chibaluni.

Madamu a Bio
Chibaluni ndimachikayikira pa chifukwa chimodzi. Ana amachipopa mpweya, kenako pamayeso n'kulemba kuti mu vacuole mumakhala mpweya. Ndaziona m'mapepala kangapo. Mu vacuole muli madzi, otchedwa cell sap, osungunukiramo shuga, michere ndi zina. Mukathira madzi m'chibaluni chimaphulika panjira n'kunyowetsa ntchito yonse. Bola botolo loonekera mkati, la malita awiri ngati la Sobo, mulichotse pepala lake n'kuligoneka m'katonimo. Ngati latalika, pezani katoni yokulirapo, osati botolo laling'ono. Anyamule lopanda kanthu, akathire madzi kusukulu, chifukwa malita awiri ndi makilogalamu awiri ndipo pansi pa katoni pangabooke. Khoma la botololo likuimira kachikopa ka vacuole, dzina lake tonoplast, ngati akufuna kuwonjezera.

Alangizi
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pa vacuole pano ndilowepo chifukwa ndi nkhani ya kumunda. Tadala auzidwe kuti chinthu chimenechi amachiona tsiku ndi tsiku. Chimanga chikafota masana dzuwa litakula, ndiye kuti ma vacuole ataya madzi. Amayi a pamsika akamawaza madzi pa mpiru kapena pa chayinizi, akuteteza madzi omwewo kuti ndiwo zisalefuke. Vacuole ikadzaza imakankha khoma kuchokera mkati, khoma n'kukana kutanuka, selo n'kulimba. Zili ngati chubu ndi tayala la njinga: chubu chokha chikhoza kuphulika, tayala lokha ndi lofewa, koma ziwirizi pamodzi zimanyamula thumba la chimanga. Bonongwe alibe fupa, alibe thabwa, koma amaima chilili chifukwa cha mphamvu ya madzi imeneyi. N'chifukwa chakenso feteleza akathiridwa wambiri pafupi kwambiri ndi phesi nthaka ili youma, mbewu imapsa. Kunja kwa muzu kumakhala mchere wambiri kuposa mkati, madzi n'kumatuluka m'maselo m'malo molowa.

Madamu a Bio
Alangizi mwandithandiza phunziro lonse la osmosis, kuyenda kwa madzi kudutsa membrane kupita kumene kuli mchere wambiri. Make Tadala, ngati nthawi ilipo achite ichi pambali pa chifanizocho: adule timizere tiwiri ta mbatatesi yaiwisi tofanana, kamodzi aviike m'madzi wamba, kena m'madzi a mchere wambiri. Pakatha ola limodzi kapena awiri, ka m'madzi wamba kamakhala kolimba kothyoka, ka mumchere kamakhala kofewa kopindika. Akaika makapu awiriwo pafupi ndi katoni yake, chifanizo chija chayamba kuyankhula.

Malume a ku Joni
Ndagonja pa jelly. Koma cytoplasm mupanga ndi chiyani popanda jelly? Paja imakhala yamadzimadzi.

Nachisale
Mapepala akale, malume. Manyuzipepala kapena makope otha, kuwang'amba tizidutswa, kuviika m'madzi usiku, kufinya, n'kusakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa. Phalalo mumaphika lopyapyala mpaka lichite kuonekera, limamata kuposa guluu wa m'sitolo wotchipa uja. Thiranimo mchere pang'ono kuti lichedwe kuchita nkhungu. Mumamata m'mbali ndi pansi pa katoni, pamwamba pa pulasitiki uja, n'kusiya malo a botolo pakati. Zitsekerero ndi nyemba muzikanikize zisanaume. Chofunika n'kuumitsa kwenikweni padzuwa, ndipo usiku kupachika pamwamba chifukwa makoswe phala la chinangwa amalikonda.

Anaphiri
Nyemba zimafumbwa. Anankafumbwe akalowa, tsiku lochonga mupeza ufa. Bola timiyala tosalala kapena timipira ta dongo topenta.

Nachisale
Sabata imodzi sizingafumbwe achemwali, koma ngati chikasungidwa kusukulu ndiye mwanena zoona. Dongo likhale losakaniza ndi kamchenga pang'ono ndipo liumire pamthunzi, apo ayi limang'aluka.

Make Tadala
Pali thonje lotsala la m'pilo yakale. Silingagwire ntchito m'malo mwa mapepala? Ndikuopa kuti mwina sizingaume msanga.

Alangizi
Lingagwire bwino lomwe, ndipo silifuna kuumitsa. Komanso thonje lili ndi nkhani yake imene Tadala angakadabwitse nayo kalasi. Kaulusi kamodzi ka thonje, kaja kamamera pa njere, ndi selo limodzi lokha. Limatalika mpaka masentimita awiri kapena atatu, kenako limafa n'kuuma, chotsala n'kukhala khoma lake, lomwe pafupifupi magawo 90 pa 100 ndi cellulose. Alimi a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima akamagulitsa thonje, akugulitsa makoma a maselo. Katoni yomweyo imene mwapeza kwa aneba inapangidwa kuchokera ku mitengo, ndiye kuti khoma la chifanizo chanu lapangidwa ndi cellulose weniweni, wochokera ku makoma a maselo enieni.

Bambo a Yamikani
Ndiye mapulanga anga aja nawonso ndi makoma a maselo?

Alangizi
Kwambiri bambo. Thabwa ndi maselo a xylem amene anafa, makoma ake atakhuthala n'kulimbitsidwa ndi lignin. Nkhuni zimene timasonkhera moto n'zomwezo.

Anaphiri
Ine ndinkamva kuti timatumba ta madzi tija ta m'lalanje, kalikonse ndi selo limodzi. Si zoona?

Wa ku Bunda
Ayi amayi, ambiri amanena choncho koma kathumba kalikonse kali ndi maselo ambirimbiri mkati. Chitsanzo cholondola cha selo limodzi looneka ndi maso ndi cha thonje chimene apereka Alangizi.

Agogo Aphunzitsi
Ana anga, nkhani yakoma. Ine ndinaphunzitsa sayansi mpaka kupuma, ndipo ndionjezere mbiri pang'ono yoti mdzukulu wangayo alembe pa kapepala kofotokozera. Munthu woyamba kuona maselo ndi kuwalemba anali Robert Hooke wa ku England, mu 1665. Anadula kachidutswa kopyapyala ka khungwa la mtengo wa cork n'kukayang'ana pa maikulosikopu yake. Zimene anaona zinali timabokosi topanda kanthu, chifukwa maselo a cork ndi akufa, kwatsala makoma okha. Katoni yanuyo musanaikemo kalikonse, ndi pamene Hooke anafika. Panapita zaka zoposa 160 kuti Robert Brown afotokoze za nucleus mu 1831, akuyang'ana maluwa a orchid. Mu 1838 Matthias Schleiden ananena kuti zomera zonse zinapangidwa ndi maselo, ndipo chaka chotsatira Theodor Schwann ananenanso chimodzimodzi za nyama. Choncho sayansi ya maselo inayambira ku zomera, chifukwa khoma limapangitsa selo la chomera kuoneka msanga.

Koma ndili ndi dandaulo. Chifanizo n'chabwino, komabe mwana aone selo lenileni ngakhale kamodzi. Anyezi alipo m'khitchini iliyonse. Mumasenda kachikopa kopyapyala ka mkati mwa chikhungwa chake, kuika pa kagalasi, kudonthezera ayodini, n'kuyang'ana. Maselo amaoneka atandandalikana bwinobwino, nucleus ili poteropo. Masukulu ena maikulosikopu alipo koma amangokhala otsekeredwa m'kabati poopa kuti awonongeka. Aphunzitsi anzanga, tulutsani.

Madamu a Bio
Agogo mwanena mawu. Ndingochenjeza chinthu chimodzi, chifukwa chimasokoneza ana chaka ndi chaka. Akaona selo la anyezi amafunafuna ma chloroplast, osawapeza, ena n'kungowajambula poti buku linatero. M'chikopa cha anyezi mulibe ma chloroplast. Mutu wa anyezi umakulira m'nthaka, ntchito yake ndi kusunga chakudya, osati kupanga. Mwana ajambule zimene waona. Ndipo mukapeza anyezi wofiira ndi bwino kwambiri, chifukwa mtundu wofiirawo umakhala mu vacuole. Mukadonthezera madzi a mchere mumaona ndi maso gawo lofiiralo likunyala, kuchoka kukhoma, khoma n'kutsala pamalo pake. Palibe chithunzi cha m'buku chimene chimaphunzitsa kusiyana kwa khoma ndi membrane kuposa pamenepo.

Malume a ku Joni
Kwa amene sukulu zawo zilibe maikulosikopu, kuli kena kopinda ndi pepala kotchedwa Foldscope, kanapangidwa ku yunivesite ya Stanford ku America ndi Manu Prakash ndi anzake. Kamakulitsa pafupifupi ka 140, zokwanira kuona maselo a anyezi. Achibale amene tili kunja tikamatumiza katundu kumudzi tiziganizirako zoterezi, osati nsapato zokhazokha.

Make Tadala
Pali mkangano pano. Tadala akukana kuika mitochondria, akuti mnzake wamuuza kuti zomera zili ndi ma chloroplast, nyama ndiye zili ndi mitochondria. Ndani akulondola?

Madamu a Bio
Mnzakeyo walakwitsa, ndipo si iye yekha. Chomera chili ndi zonse ziwiri. Chloroplast imagwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, madzi ndi mpweya wa carbon dioxide kupanga shuga, n'kutulutsa okosijeni. Koma shuga ameneyo kuti asanduke mphamvu yogwiritsa ntchito selo, ayenera kuphwanyidwa, ndipo mbali yaikulu ya ntchito imeneyo imachitikira mu mitochondria, usana ndi usiku womwe. Mumufunse Tadala kuti muzu wa chimanga, umene suona dzuwa moyo wake wonse, mphamvu yokulira umaitenga kuti. Akayankha funso limenelo aika yekha timiyala take.

Alangizi
N'chifukwa chake chimanga cha m'dambo lodikha madzi chimachita chikasu n'kufa ngakhale dzuwa likuwala. Mizu imasowa okosijeni. Ndipo poti tatchula chikasu, chlorophyll amapangidwa ndi nayitirojeni ndi magnesium mwa zina. Nayitirojeni akasowa, masamba apansi ndiwo amayamba kuchita chikasu, kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wa pakati, chifukwa chomera chimasamutsa wochepa amene alipo kupita naye ku masamba atsopano. Urea amene timabereketsera ali ndi nayitirojeni magawo 46 pa 100. Munda ukabiriwira pambuyo pobereketsa, ndi zitsekerero zobiriwira za Tadala zija zimene zadzaza chlorophyll.

Bambo a Yamikani
Zitsekererozo ziikidwe zingati? Pazithunzi ndimaona zinayi kapena zisanu.

Wa ku Bunda
Selo limodzi la palisade limakhala ndi makumi angapo, bambo. Zinayi n'zochepa. Aike zochuluka mmene zingakwanire m'mbali monse mozungulira botolo, zopentedwa zobiriwira. Ngati akufuna kupita patali, m'chitsekerero chimodzi asanjikemo timapepala tozungulira tobiriwira, kamodzi pamwamba pa kanzake. Amenewo ndi ma grana, m'mene kuwala kumagwidwira. Ndiponso aboole timabowo tingapo pakhoma ndi msomali n'kulowetsamo ulusi. Maselo oyandikana amalumikizana kudzera m'timipata totchedwa plasmodesmata. Kenako Golgi body angapange ndi nsalu zopindapinda, endoplasmic reticulum ndi lamba wakale, ma ribosome ndi mchenga, poti pa sikelo yathu ija akubwera ochepera milimita imodzi.

Madamu a Bio
Achimwene, pang'onopang'ono. Uyu ndi mwana wa Fomu 1. Zimene mwatchulazo n'zoona zonse, koma chinthu chilichonse chimene chalowa m'katoni ndi funso limene mwana adzafunsidwe. Akaika Golgi body osadziwa ntchito yake, wadzikumbira yekha dzenje. Ayang'ane kaye m'kope lake kuti aphunzitsi ake anafika pati. Ngati anatchula zisanu ndi ziwiri zija, akhale pomwepo n'kuzidziwa bwino. Timabowo ta pakhoma tokha ndingavomereze, chifukwa timathandiza kukumbukira kuti khoma si limene limasankha zolowa ndi zotuluka. Khoma limalola madzi ndi zosungunukamo kudutsa, wosankha ndi membrane.

Wa ku Bunda
Ndamva Madamu. Komabe mwana amene ali ndi chidwi tisamutsekereze. Mwina alembe zowonjezerazo kuseri kwa chivindikiro cha katoni, osaziika mkati.

Madamu a Bio
Pamenepo tagwirizana.

Anaphiri
Nanga zolemba mayina? Wanga analemba ndi bolopeni pakatoni pomwepo, zinangosokonekera.

Agogo Aphunzitsi
Timbendera, mwana wanga. Kamtengo ka machesi kapena kotsukira m'mano, kumutu kwake kapepala kolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, n'kubaya pa chinthu chomwe chikutchulidwa. Pa botolo ndi pa pulasitiki amate ndi selotepi. Mayina alembe m'Chingerezi mmene adzalembere pamayeso, ndipo ayang'anitsitse kalembedwe ka chloroplast ndi vacuole chifukwa ana amaphonya zilembo. Pachivindikiro cha katoni alembe dzina lililonse, ntchito yake m'mawu ochepa, ndi chimene wagwiritsa ntchito poimira. Koma pofotokozera inu kunyumba afotokoze m'Chichewa. Mwana amene angauze mayi ake m'chinenero chawo chifukwa chimene ndiwo zimafotera, ameneyo wamva, sanangoloweza.

Nachisale
Ponyamula, katoni ilowe m'thumba la pulasitiki lalikulu ngati kuli mitambo, ndipo timbendera akabaye atafika. M'minibasi aziinyamula pamiyendo, asalole kondakitala kuiika kumbuyo ndi matumba.

Make Chisomo
Pepani ndalowerera mochedwa. Wanga ali sukulu ina, iwo anachita kugawana, ndipo iye wapatsidwa root hair cell, selo la tsitsi la kumuzu. Zonse mwanenazi zikugwiranso ntchito kwa iye?

Madamu a Bio
Zambiri zikugwira, Make Chisomo, kupatula ziwiri. Choyamba, asaikemo chitsekerero chobiriwira ngakhale chimodzi, selo la kumuzu lilibe ma chloroplast. Chachiwiri ndi maonekedwe. Selo limeneli lili ndi mbali imodzi yotalika, yopyapyala, yotulukira kunja kulowa pakati pa timibulu ta dothi, ndipo ndi imene imakulitsa malo oyamwira madzi ndi michere. Aboole mbali imodzi ya katoni n'kulumikizapo chipepala chokulungiza ngati paipi, chotseka kunsonga. Pulasitiki wa membrane alowe mpaka kunsongako, ndipo vacuole nayonso ilowerere m'menemo, chifukwa tsitsilo si chinthu chomatidwa pa selo, ndi selo lomwelo limene latalika. Pamenepa jumbo yoonekera mkati yopindidwa motalika igwira bwino kuposa botolo. Timiyala ta mitochondria aike tambiri, poti kukoka michere m'dothi kumafuna mphamvu.

Ndipo iye ali ndi mwayi woona chenichenicho popanda maikulosikopu. Aike njere za chimanga kapena za mpiru pa kansalu konyowa m'mbale, avindikire, aziwaza madzi kuti kansaluko kasaume. Pakapita masiku ochepa muzu ukatuluka, chakumbuyo pang'ono kwa nsonga yake kumaoneka ubweya woyera. Ena amayesa nkhungu n'kutaya. Kaubweya kalikonse ndi selo limodzi. Mbaleyo apite nayo kusukulu ili yovindikira, chifukwa ubweyawo ukakhala pamphepo umafota msanga, ndipo asaukhudze ndi zala.

Make Chisomo
Mpiru ulipo, tiviika madzulo ano. Chimanga chathu n'chothira mankhwala osungira, chimenecho chingamere?

Alangizi
Chimamera amayi, mankhwala a anankafumbwe saletsa kumera. Kungoti mwana asambe m'manja akachigwira, ndipo mbaleyo isakhale yodyera. Mpiru ndiwo ufulumira, yambani ndi umenewo.